Miyala ndi siding pakhoma limodzi: mwala uyambire pati, ulekezere pati?

Funso: Ndimakhala ku South Bend, m'boma la Indiana ku America. Chaka chatha tinagula nyumba yosanja yomangidwa m'ma 1990, yokutidwa yonse ndi siding (timatabwa tokutira khoma kunja) ya pulasitiki ya vinyl yotuwa. Ndikufuna kuika miyala kumaso kwake kuti isiye kuoneka ngati katoni. Bambo a kunyumba akuti miyalayo ikwere mpaka kudenga pamwamba pa galaja, ine ndikuti ingokhala m'munsi. Mmisiri wina wati atha kumaliza m'masiku awiri mu Novembala momwe muno, ndipo mtengo wake ndi wotsika kuposa wa anzake awiri amene anabweranso. Tisankhe mwala wotani, tiuike pati, nanga mmisiriyu timulembe?

Yankho:

Mayi, ndiyambe ndi funso lomalizalo chifukwa ndilo lingakudyereni ndalama sabata ino. Mmisiri wa masiku awiriyo mumuuze kuti mumuimbirabe. Pantchito yomata miyala pamakhala pulasitala woyamba amene amafuna tsiku lathunthu kapena awiri kuti agwire asanalandire mwala. Ndiye munthu akamati achotsa siding, akonza khoma, amata, atsuka, zonsezo m'masiku awiri, dziwani kuti pali china chimene akufuna kudumpha. Komanso Novembala wa ku South Bend mukumudziwa nokha: mphepo ikangochokera kunyanja ya Michigan, usiku madzi amaundana. Matope a simenti safuna kuzizira kotsika kuposa madigiri 40 pa Fahrenheit, omwe ndi 4 pa Celsius, poika ndiponso pouma. Akaundana asanagwire, mwala umakakamira mwachinyengo, mumalipira mukumwetulira, kenako pofika Epulo mumayamba kutola miyala m'maluwa. Ntchitoyi m'nyengo yozizira imatheka, koma pamafunika kutchinga khoma ndi tenti n'kuyatsamo chotenthetsera, ndipo zimenezo sizibwera ndi mtengo wotsikitsitsa.

Pali chinthu chimene chimatisokoneza ife amene tinakulira m'nyumba za njerwa. Kwathu ukagula masileti a m'mbali mwa msewu aja n'kuwamata pakhoma, mvula ikalowa kuseri imakumana ndi njerwa. Njerwa imamwa, dzuwa likatuluka imauma, zikavuta kwambiri penti amasupuka m'kati, basi. Nyumba yanu ya ku Indiana ilibe njerwa. Mukachotsa siding nthawi zambiri mumapeza pepala lotchinga madzi, kuseri kwake thabwa la OSB, lomwe ndi tizibenthu ta mitengo tomatidwa ndi guluu, kenako mapulanga oimirira otalikirana mainchesi 16. Nyumba yonseyo yaima pamitengo. Tsono mwala womata, kaya wokumba kaya woumba, sutchinga madzi. Umamwa, matope a m'mizere amamwa, timing'alu tating'ono ngati tsitsi timalowetsa, ndipo dzuwa likawomba pamwala wonyowa limakankhira chinyontho m'kati. Siding ya vinyl mukuinyozayo pankhani iyi ndi yochenjera. Inangokolekedwa, kuseri kwake kumayenda mphepo, ndipo kunsi kwa chidutswa chilichonse kuli timabowo totulutsira madzi. Mukaichotsa n'kumatapo mwala, ndiye kuti pamalo pa chinthu chouma msanga mwaikapo chinkhupule.

Ine ndinaphunzira zimenezi ndi mphuno. Chaka changa choyamba pantchito yomanga kuno ku America, abwana anga ananditenga kunyumba ina imene mwini wake ankadandaula za fungo la nguwi pakona ya pabalaza. Panja pake munthu sukanakayika kalikonse: miyala yooneka bwino, mizere yowongoka, maluwa m'munsi. Ndinamuuza mnzanga kuti tabwera panyumba yolakwika. Titagumula miyala inayi kapena isanu pansi pa pomwe denga la khonde limakumana ndi khoma, pepala linatuluka lakuda, ndipo nditakankha OSB ndi chala, chalacho chinalowa ngati m'chigumu chogonera m'madzi. Mmenemo munatuluka nyerere zakuda zikuluzikulu zija zimakonda mitengo yonyowa, zitanyamula mazira. Chikomekome cha mkuyu ndinachiona ndi maso tsiku limenelo, nyerere zake zomwe. Chinalakwika chinali kachitsulo kamodzi kokhota, kotchipa kwambiri, kotchedwa kickout flashing, kamene kamakhala kumapeto kwa denga pomwe lagundana ndi khoma n'kumaponyera madzi m'ngalande ya padenga. Sikanaikidwe. Mvula iliyonse madzi a denga lonse la khonde ankatsikira kuseri kwa miyala. Pansi napo miyalayo inakwiriridwa m'dothi la maluwa, moti madziwo analibe potulukira. Tinasintha mapulanga mpaka pansi penipeni.

Ndiye musanasankhe mtundu wa mwala, mvetsani zimene ziyenera kukhala kuseri kwake, chifukwa pamenepo m'pomwe makotesheni atatu aja akusiyanirana. Siding imachotsedwa, mwala sumatidwa pamwamba pa vinyl. Khoma likaonekera, mmisiri ayang'ane ngati OSB ili yolimba. Pansi penipeni amakhoma kachitsulo kotchedwa weep screed, kamene kamakhala polekezera pulasitala komanso potulukira madzi. Kenako pepala lotchinga madzi, magawo awiri. Lakunja limakakamira kumatope, lam'kati ndi limene limatsitsa madzi, ndipo pakati pa awiriwo m'pamene madzi amapeza njira. Poika, lam'mwamba liziphimba lam'munsi monga timafolerera udzu, ndipo lotsiriza ligwere pamwamba pa weep screed. Ine pamalo amvula ndi sinowo ngati kwanuko ndimawonjezera mkeka wa pulasitiki wokhala ndi timipata, umene amautcha rainscreen. Umasiya mpata woti madzi atsike ndiponso mphepo idutse, ndipo poyerekeza ndi mtengo wa ntchito yonse ndalama yake ndi yochepa. Pamwamba pake pamabwera waya wa lath wosachita dzimbiri, wokhomeredwa m'mapulanga enieniwo, osati mu OSB mokha. Ndiye pulasitala woyamba uja, wochindikala pafupifupi theka la inchi, amene amamukanda mizere yopingasa akadali wofewa. Akagwira, mwala uliwonse umapakidwa matope kumsana konse n'kukanikizidwa mpaka matope atulukire m'mbali. Mmisiri waulesi amangodontheza matope pakati pa mwala, m'mbali n'kutsala mphako, ndipo mphako imeneyo ndi imene imasunga madzi oti adzaundane mu Januwale.

Pansi pali miyeso imene amisiri ambiri amaiphwanya dala chifukwa eni nyumba amawakakamiza. Mwala womata ulekezere mainchesi 4, kapena kuti masentimita 10, pamwamba pa dothi, ndiponso mainchesi 2 pamwamba pa konkire ya panjira kapena polowera galimoto. Mudzaona kampata pansipo n'kumva ngati ntchito sinathe. Inenso poyamba zinkandinyansa, popeza kwathu mwala umachokera m'nthaka. Koma kampata kameneko ndi pakamwa potulukira madzi, ndi poonera chiswe chikayamba kukwera, komanso nthaka ikatupa ndi kuzizira siikankha miyala yanu. Ngati maso akukana, pakani penti wakuda pakonkire ya maziko yoonekayo, kapena dzalani maluwa afupiafupi chapatali pang'ono kuti abise. Chimene musachite n'kuunjika dothi kapena makungwa ophimbira maluwa mpaka kugunda mwala.

Tsopano pomwe mwala umakumana ndi siding. Kwa ine mzere umenewu ndiwo ntchito yonse, chifukwa ndi umene umaonetsa ngati nyumba yakongola komanso ngati ikhalitse. Pamwamba pa miyala pamakhala mwala wopingasa ngati chipewa, wotulukira kunja pang'ono kupitirira miyala ya pansi pake ndiponso wopendekera kunja kuti madzi asakhalepo. Pamwamba pa chipewacho pamagona flashing yachitsulo, imene mbali yake ina imakwera khoma n'kulowa kuseri kwa pepala la kumtunda. Kuseri, osati pamwamba pake. Madzi onse oyenda kuseri kwa siding yochokera kunyumba yam'mwamba ayenera kugwera pachitsulocho n'kutulukira kunja. Chitsulocho chikasowa, kapena akachiika pamwamba pa pepala n'kungomata ndi tepi, madziwo amapitirira kulowa kuseri kwa miyala. Mukadzaona mmisiri akutseka mzere umenewu ndi caulk yambirimbiri, phala lija lotsekera mipata, muimitseni. Pamenepo ndi potulukira, sipofunika kutseka.

Vinyl nayo ili ndi khalidwe lake: imayenda. Chidutswa cha mafiti 12 chimatha kutalika ndi kufupika pafupifupi theka la inchi pakati pa Julayi ndi Januwale. N'chifukwa chake misomali yake samaikhomerera mpaka kuthina, ndipo pomwe siding yagundana ndi mwala cham'mbali imalowa m'kangalande kotchedwa J-channel, n'kusiyiridwa mpata wa kota ya inchi. Mukaimatirira kumwala ndi matope, chilimwe chikafika imapindika ngati lata lopsa. Pakati pa mwala ndi felemu ya windo kapena chitseko pamasiyidwanso kampata, pafupifupi 3/8 ya inchi, kamene amakatseka ndi chingwe cha thovu ndi sealant, phala lofewa lotsekera madzi. Matope akagunda felemu mwachindunji amang'aluka pomwepo chaka chisanathe. Ngati tsiku lina mudzasinthe vinyl n'kuika fiber cement, siding ya simenti yosakaniza ndi ulusi, ya mtundu wa James Hardie, lamulo lake ndi lofanana: mpata wa kota ya inchi pamwamba pa flashing, wosatseka.

Tibwere kumlandu wa inu ndi bambo. Muyeso umene ndimagwiritsa ntchito ndi wakuti mwala uikidwe pomwe mwala weniweni ukanatha kuima. Diso la munthu, ngakhale amene sanagwirepo mpeni womangira, limadziwa kuti mwala ndi wolemera, umayambira pansi, ndipo umasenza zimene zili pamwamba pake. Chitseko cha galaja ya magalimoto awiri chimakhala chotambalala mafiti 16. Mukaunjika miyala pamwamba pa dzenje lalikulu chotero mpaka kudenga, diso limafunsa kuti yatsamira chiyani, ndipo yankho palibe. Imaoneka ngati pepala lamaluwa lomata. Chinanso, mwala umakoka maso. Mukauika wonse pagalaja ndiye kuti mukuuza alendo kuti chinthu chofunika panyumba panu ndi pogona galimoto, pamene khomo lolowera anthu latsala mu vinyl. Pamenepa, mayi, mlandu wakukomerani.

Koma bambo asatuluke chimanjamanja, chifukwa nawo akuona chinthu choona. Kamzere ka miyala kopyapyala koyenda m'munsi mwa nyumba yosanja kamatha kuoneka ngati sokosi pamunthu wamtali. Ngati kumaso kwa nyumba yanu kuli chigawo chotulukira kutsogolo, makamaka pakhomo lolowera, chimenecho mutha kuchikuta chonse kuchokera pansi mpaka pamwamba, ndipo chidzaoneka ngati nsanja yomangidwa ndi miyala imene nyumba yatsamira. Ngati palibe, apatseni mizati ya pakhonde: matsinde ake akutidwe ndi mwala mpaka m'chiuno, chimodzimodzinso mbali ziwiri za chitseko cha galaja. Tsinde la mzati likhale lonenepa ndithu. Mzati woonda wovekedwa mwala umaoneka ngati mwendo wa kakowa m'gambuti.

Msinkhu wake musautenge m'mutu. Upezeni panyumba pomwepo. Kawirikawiri malo abwino olekezera ndi pansi pa mawindo a nyumba yapansi, kuti chipewa chija chikhalenso ngati tsinde la windo, mzere umodzi kuyenda khoma lonse. Mwala ukalekezera pakati pa windo, mmisiri amayamba kudula tizidutswa mozungulira felemu, malo olowera madzi amachuluka, ndipo maonekedwe ake ndi osokonekera. Pewaninso kugawa khoma pakati ndendende, theka mwala theka siding. Gawo limodzi mwa atatu limakhazikika bwino m'maso. Tengani tepi yabuluu ya openta, muimate pakhoma pamsinkhu umene mukuganiza, muwoloke msewu, muyang'ane. Muisiye sabata yathunthu kuti muziiona pobwera kuntchito. Bambo nawonso amate yawo.

Cholakwa chimene chadzaza m'misewu ya nyumba zatsopano kuno n'kulekezera mwala pakona yakunja. Kumaso mwala, ukangokhota pakona vinyl, ndipo woyenda pamsewu amaona m'mphepete mwa mwala mopyapyala ngati bisiketi. Chinsinsi chonse chaululika. Mwala ulekezere pakona yam'kati, pomwe makoma awiri akumana molowa, chifukwa pamenepo umaoneka ngati walowa m'nyumba. Ngati palibe kona yotero pafupi, ukhote n'kuyenda m'mbali mafiti awiri kapena kuposerapo, makamaka mpaka pampope wotsitsa madzi a padenga kapena pampanda, n'kutsekedwa ndi thabwa loimirira. Pamakona pamafunika miyala yake yokhota ngati L, imene imagulitsidwa payokha poyeza kutalika kwa kona, pamene miyala yafulati amayeza ndi masikweya fiti. Yang'anani m'kotesheni yotchipa ija ngati miyala ya pakona ilimo. Nthawi zambiri m'pamene pamabisala kutchipako.

Za mtundu wa mwala, umodzi tiuchotseretu. Mwala wathunthu wochindikala mainchesi 4 kapena kuposa umalemera kupitirira makilogalamu 200 pa sikweya mita, ngati matumba anayi a simenti. Umafuna tsinde lakelake pamaziko, ndipo ngati nyumba inamangidwira vinyl tsinde limenelo palibe. Kuliwonjezera ndiye kukumba mpaka kupitirira pomwe nthaka imaundana, kumene kwanuko ndi pafupifupi mita yathunthu. Pantchito yongokongoletsa kumaso, ndalama imeneyo ndi yotaya.

Yotsala ndi yomata, imene kawirikawiri sipitirira mapaundi 15 pa sikweya futi, pafupifupi makilogalamu 73 pa sikweya mita. Pali mwala weniweni wocheka mopyapyala, inchi imodzi kapena kupitirira pang'ono. Mtundu wake ndi wa mwala wonse mpaka m'kati, ukabenthuka suoneka chilonda, ndipo palibe iwiri yofanana. Umadula, komanso umachedwetsa mmisiri. Ndiye pali woumba, wa simenti, timiyala topepuka ndi utoto, wothiridwa m'zikombole zotengera miyala yeniyeni. Unayambira ku California mu 1962 ndi kampani imene imapanga Cultured Stone, ndipo lero opanga ndi ambiri, ena abwino ena ongoyerekeza. Wabwino amasonyeza kuti mwala wake unayesedwa pa muyeso wa ASTM C1670, umene mwa zina umaona ngati mwalawo ukupirira kuundana ndi kusungunuka mobwerezabwereza. Kwanuko musagule wopanda chizindikiro chimenechi ngakhale utatchipa bwanji. Kufooka kwa woumba n'kwakuti utoto wambiri uli pamwamba, ukabenthuka m'kati mumaoneka simenti, ndipo mchere umene mumathira panjira kusungunula ayezi umaudya. Ngati mwala ufike pafupi ndi masitepe kapena polowera galimoto pomwe mumathira mchere, pamenepo ine ndingalipire mwala weniweni, kapena ndingasiye mchere n'kumathira mchenga.

Palinso mapanelo okhomera ndi masikuluwu, monga Versetta Stone, amene safuna matope. Amakolekedwa ngati siding ndipo amasiya mpata kuseri, ndiye vuto la kuzizira poika palibe. Ngati mwatsimikiza kuti ntchito ichitike chaka chino, njira yake ndi imeneyi. Koma muwaone kaye panyumba ya munthu, osati m'sitolo, chifukwa pakhoma lalitali molumikizira mapanelo mumatha kuoneka. Za mapanelo a thovu opakidwa utoto ngati mwala sindinenapo zambiri: agogodeni ndi chala mumve.

Mukukhala m'boma la miyala, ndiye mungachite bwino kuyang'ana pafupi. Kumwera kwa Indiana, cha ku Bedford ndi Bloomington, n'kumene kumakumbidwa limestone, mwala wa laimu, imene inakuta Empire State Building ku New York mu 1931 komanso Pentagon, likulu la asilikali a America. Imabwera yotuwa kapena yofiirira pang'ono ngati mchenga, ndipo pambali pa siding yotuwa imakhala modekha. Kumpoto kwanuko mwala wa m'deralo ndi wobulungira wa m'minda, umene madzi oundana akalekale anausiya, ndipo mukayenda m'mafamu mudzauona m'maziko a nkhokwe ndi nyumba zakale. Mwala wofanana ndi wa m'dera umaoneka ngati unabadwira pomwepo. Wofiira wa kuchipululu cha Arizona pakati pa sinowo wa ku St. Joseph County, dera limene muli South Bend, umaoneka mlendo chaka chonse.

Pa kaonekedwe, ganizani za chitenje. Chitenje chikakhala cha maluwa ambiri, bulauzi imakhala yopanda maluwa. Siding yanu ili kale ndi mizere yopingasa yothithikana kuchokera pansi mpaka kudenga. Mukaikapo ledgestone, timiyala topyapyala tosanjikizana tija tili m'fasho, mwawonjezera mizere pamizere ndipo maso amatopa. Miyala yokulirapo, ya makona anayi kapena yosalongosoka pang'ono, imapumitsa diso. Ledgestone yambiri imaikidwanso popanda matope m'mizere, ndipo kumalo oundana ine sindiikonda choncho, chifukwa mpata uliwonse ndi kashelefu ka madzi. Mizere yodzazidwa bwino, ya theka la inchi, imateteza. Dziwaninso kuti mtundu wa matope a m'mizerewo umasintha khoma lonse. Mwala womwewo ndi matope oyera umaoneka wowala ndi wakale, ndi matope akuda umaoneka wolemera ndipo mwala uliwonse umaima pawokha. Mmisiri akupangireni kachigawo koyesera, ndi matope ake omwe, musanavomere.

Posankha mtundu yambani ndi denga, popeza ndilo simulisintha msanga. Kenako yang'anitsitsani kutuwa kwa siding yanu. Pali kutuwa kopita kubuluu ndi kutuwa kopita kudothi, ndipo mwala utsate komweko. Mwa mitundu imene ili m'mwalamo, umodzi ukhale wofanana ndi siding kapena denga, kuti ziwirizo zioneke kuti n'zapachibale. Musasankhe pa foni kapena pansi pa magetsi a m'sitolo. Bwerekani mabolodi achitsanzo awiri kapena atatu, muwatsamiritse kukhoma lenilenilo, muwaone m'mawa, madzulo, ndi tsiku la mitambo, poti kwanuko masiku a mitambo ndiwo ambiri m'nyengo yozizira. Muwathirenso madzi, chifukwa mwala wonyowa umada ndipo wina umatulutsa kufiira kumene simunakuone. Ngati mwala umene mwaukonda ukukana siding, musathamangire kupenta vinyl mtundu wakuda kuposa umene ili nawo. Imamwa kutentha n'kupindika, pokhapokha penti wake akhale wopangidwira vinyl.

Tsiku loika, mmisiri wabwino mudzamudziwa asanagwire matope. Amatsegula makatoni angapo nthawi imodzi n'kuyala miyala pansi, kusakaniza mitundu ndi misinkhu, chifukwa katoni iliyonse imapendekera mtundu wake ndipo ukamatha imodziimodzi khoma limatuluka mawangamawanga. Amayamba ndi makona, kusinthanitsa mwendo wautali ndi waufupi. Ikuluikulu amaika m'munsi. Salola mzere woimirira kuyenda miyala itatu inayi osaduka, ndipo mbali yodulidwa ndi makina amaibisa kuti isayang'ane kukhomo. Matope akagwera pamwala amawasiya afote kaye n'kuwachotsa ndi bulashi youma, osati kupukuta ndi nsanza yonyowa. Pampopi wa panja, pa soketi, pa nyale ndi potulukira mpweya wa makina oumitsira zovala pamafunika timabokosi take tokhala ndi flashing. Muwerenge zinthu zimenezi pakhoma lanu ndipo mufunse kuti chilichonse achita nacho bwanji. Gulani miyala yopitirira muyeso ndi gawo limodzi mwa khumi, yotsala musunge. Siding yochotsedwayo musatayenso yonse. Vinyl ya m'ma 1990 inasuluka ndi dzuwa ndipo yofanana nayo simudzaipeza m'sitolo, ndiye tsiku limene mwana adzaswe chidutswa ndi mpira mudzakatenga m'galaja.

Mukadzaona zoyera ngati mchere pamiyala chaka choyamba musachite mantha, ndi mchere wa m'simenti ukutuluka ndi madzi, ndipo bulashi yofewa ndi madzi zimachotsa. Asidi, bulashi yawaya ndi makina opopera madzi mwamphamvu zimasupula utoto wa mwala woumba. Zoyerazo zikamabwerera pamalo amodzimodzi chaka ndi chaka, ndiye kuti kuseri kukulowa madzi, yang'anani chimene chili pamwamba pake. Zothirira kapinga nazo muzitembenuze zisamapopere khoma.

Pa ndalama, maganizo anu oika miyalawa si olakwika. Lipoti la pachaka la Cost vs. Value, limene limayerekeza mtengo wa ntchito zokonza nyumba ndi zimene zimabwerera pogulitsa, kwa zaka zambiri lakhala likuika mwala woumba pakati pa ntchito zobweza bwino kwambiri. Ndipo ntchito imene amawerengerayo ndi yofanana ndi yanu: kuchotsa vinyl yokwana masikweya fiti 300 m'munsi mwa khoma loyang'ana kumsewu n'kuikapo mwala. Koma wodzagula nyumbayo adzabwera ndi woyendera wake, ndipo oyendera nyumba masiku ano amayamba kuyang'ana pansi pa miyala ngati pali mpata ndi weep screed.

Amisiri atatu aja muwaitanenso mmodzimmodzi, ndipo aliyense alembe papepala zimene aike kuseri kwa mwala, kuyambira pa OSB mpaka kunja. Mufunseni kuti mwala ulekezera mainchesi angati pamwamba pa dothi, flashing ya pachipewa ilowa kuseri kwa chiyani, ndipo akapeza thabwa lowola mtengo wake auwerengera bwanji. Wodziwa ntchito amayankha mosangalala, mwinanso kukujambulirani pakatoni. Amene anganene kuti "timapanga chonchi nthawi zonse, musadandaule" mwamumva kale. Akuonetseni inshuwalansi yake ndi nyumba imene anaimata zaka zisanu zapitazo, osati ya mwezi watha. Mufunse ku ofesi ya zomangamanga ngati pakufunika chilolezo, ndipo ngati dera lanu lili ndi HOA, bungwe la eni nyumba a m'deralo, chilolezo chawo chikhale cholembedwa musanagule mwala ndi umodzi womwe. Mugwirizanenso kuti pepala, flashing ndi waya zikaikidwa, ntchito iime mpaka mutaziona ndi kuzijambula, chifukwa pulasitala akangopakidwa simudzazionanso.

Miyezi yozizirayi muigwiritse ntchito. Sinowo ikagwa, tulukani muone pomwe imaunjikana pakhoma ndi msinkhu umene imafika, makamaka mbali imene mumakankhira ya panjira. Ikamasungunuka, onani pomwe madzi a padenga akudonthera ndi pomwe akudikha pansi. Malo amenewo muwalembe ndi choko pakonkire ya maziko, mudzamuonetse mmisiri amene mwasankha, ndipo mumusungitse malo kumapeto kwa Epulo kapena mu Meyi, usiku ukasiya kuundana.